Kumasula foloko ya njinga yamoto ya matayala atatu: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la munthu amene ali ndi Honda ATC kapena inzake ya mtundu womwewo, foloko yake (miyendo iwiri yogwira tayala lakutsogolo) ikudontha oyilo kapena yauma gwa ngati mtengo, ndipo watsimikiza mtima kuti aimasula yekha. Ambiri mwa mafunsowa anthu amafunsa sipanala ili kale m'manja, ena atawononga kale kanthu. Ndayankha monga momwe ndimachitira ineyo pa benchi yanga.

Njinga ya matayala atatu yake itiyo? Zonyamula katundu zija?

Ayi. Zonyamula katundu ndi zonyamula anthu zimene timaziona m'matauni ndi zina. Pano tikunena kanjinga ka matayala atatu onenepa ngati mabaluni, limodzi kutsogolo awiri kumbuyo, kopangidwira mchenga, matope ndi m'minda. Honda ndi imene inayambitsa mu 1970 ndi US90, yomwe kenaka inatchedwa ATC90. M'zaka za m'ma 1980 makampani ena a ku Japan analowa nawo mpikisano: Yamaha inatulutsa Tri-Moto ndi Tri-Z, Kawasaki inatulutsa Tecate, Suzuki nayo inali ndi zake za ALT. Msika wake waukulu unali ku America. Ngozi zitachuluka, makamaka za ana ogubuduzika nazo, boma la America linagwirizana ndi makampaniwo mu 1988 kuti asiye kugulitsa zatsopano za matayala atatu, ndipo za matayala anayi zinatenga malo.

Ndiye kuti ATC iliyonse imene mungaipeze lero yadutsa zaka 35. Muzikumbukira zimenezi nthawi iliyonse mukakweza nyundo, chifukwa chitsulo chimene mungaphwanye mwina sichikupangidwanso.

Yanga ndikaiyang'ana kutsogolo palibe chimene chikulowa n'kutuluka. Ndimasule chiyani?

Musamasule kanthu. ATC70, ATC90 ndi ATC110 zilibe mashoki. Foloko yake ndi mapaipi owotcherera basi, ndipo mabampu amamezedwa ndi matayala, amene amapopedwa mpweya wochepa kwambiri, cha m'ma 2 psi pa geji yoyezera mpweya. Ngati yoteroyo ikukugwedezani msana, mwapopa kwambiri matayala.

Foloko yeniyeni yolowa n'kutuluka inayamba ndi ATC250R mu 1981, kenaka Big Red ya ATC200E mu 1982, ATC200X mu 1983 ndi ATC350X mu 1985. Koma nazonso sizofanana. Za mpikisano monga 250R, 200X ndi 350X zili ndi foloko ya oyilo yofanana ndi ya njinga yamoto wamba. Zina zogwirira ntchito za m'zaka zoyambirira zili ndi foloko yophweka: paipi yakunja inawotchereredwa kumtunda, yamkati imalowera chapansi, ndipo mkatimo muli sipuling'i, girizi ndi kashoki kakang'ono kotsekeratu. Yoteroyo simuthira oyilo. Mumachotsa rabala wophimba, kuchotsa circlip (kamphete kachitsulo kokhala m'kangalande) ndi bawuti, kutsuka, kupaka girizi watsopano, kwatha. Zotsatirazi ndi za foloko ya oyilo.

Mkati mwa foloko ya oyilo muli chiyani?

Tizigawo take n'tochepa kuposa momwe anthu amaopera. Pali paipi yonyezimira ya chrome, imene imagwidwa ndi zopanira ziwiri pansi pa mahandulo. Pali mwendo wa aluminiyamu, umene umagwira ekiselo ya tayala n'kumatsetsereka pa paipi ija. Mkati mwa paipi muli sipuling'i yaitali, yopanikizidwa ndi chitsekero pamwamba. Pansi pa sipuling'iyo pali kapaipi kena kowonda kokhala ndi timabowo, damper rod, komangidwa pansi pa mwendo ndi bawuti mmodzi wa Allen key amene amalowera kunja. Foloko ikamalowa, oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowo tija, ndipo kuvutikira kudutsako n'kumene kumaletsa njinga kudumphadumpha ngati mpira. Sipuling'i imanyamula kulemera, oyilo amaziziritsa mtima wa sipuling'iyo.

Totsala ndi tating'ono koma tofunika: kasipuling'i kafupi kovala pa damper rod, kachikho ka aluminiyamu kokhala kumapeto kwake, ma bush amene paipi imatsetserekapo, washer, seal ya oyilo (rabala wotsekera oyilo kuti asatuluke), circlip yoigwira, ndi seal ya fumbi pamwamba penipeni.

Amene anamasulapo foloko ya Boxer kapena Lifo ya kabaza azindikira zonsezi. Kapangidwe n'kamodzimodzi, kusiyana kukula basi.

Nanga n'chifukwa chiyani ya matayala atatu imaonongeka mosiyana ndi ya njinga ya matayala awiri?

Njinga ya matayala awiri ikamakhota imapendekeka, choncho mphamvu imatsata m'litali mwa foloko. Ya matayala atatu siipendekeka. Kumbuyo kuli ekiselo imodzi yolumikiza matayala onse awiri, ndipo onsewo amafuna kupita kutsogolo basi. Tayala lakutsogolo ndiye limalimbana nawo lokha kuti njinga ikhote, ndipo foloko imakankhidwa cham'mbali nthawi zonse. Onjezerani kuti tayalalo n'lotambalala, miyendo iwiri ya foloko inatalikirana, n'chosavuta kuti ipotoke. N'chifukwa chake pa ATC simudabwa kupeza bush yodyeka mbali imodzi kapena paipi yopindika pang'ono pansi pa chopanira.

Ikudontha oyilo pang'ono chabe. N'koyenera kumasula zonse?

Yambani mwayesa njira yachidule. Kwezani seal ya fumbi, pukutani bwino, dulani kachidutswa kopyapyala ka botolo la pulasitiki ngati kambedza, kalowetseni pakati pa paipi ndi seal ya oyilo, muzungulitse kamodzi uku mukukokera m'mwamba. Nthawi zina chimene chikudonthetsa ndi kamchenga kamodzi kamene kakanirira pamlomo pa seal. Kakatuluka, kudontha kumatha.

Koma kunena zoona, pa njinga ya zaka zimenezi njirayi imangokugulirani masabata. Rabala wa seal anauma kalekale, ndipo oyilo ali mkatimo mwina ndi amene anathiridwa ku fakitale. Ngati oyilo wafika kale pa mabuleki, musachedwenso. Ma pad a buleki amene amwa oyilo sachira ngakhale muwatsuke bwanji, amafunika atsopano.

Ndiyambire pati? Ndichotse kaye foloko pa njinga?

Apa ndi pamene ntchito yonse imakomera kapena kuipira, ndiye ndichedwapo.

Zinthu ziwiri zimene zimavuta kwambiri ndi chitsekero chapamwamba ndi bawuti wapansi. Zonse ziwiri zimamasuka mosavuta foloko ikadali pa njinga, ndipo zimasanduka nkhondo foloko ikakhala pa benchi. Chifukwa chake n'chakuti paipi ya chrome ndi yobulungira komanso yoterera, mulibe poigwira. Chogwirira chabwino koposa chimene muli nacho ndi zopanira za njingayo. Mukaichotsa musanamasule chitsekero, mudzayamba kuganiza za vaisi kapena bobojani, ndipo mano a bobojani akangoluma chrome, paipiyo yatha ntchito.

Tsono chitani motere. Njinga ikadali pansi pa matayala ake, itsukeni kutsogolo konse. Ngati pa chitsekero pali valavu ya mpweya ngati ya tayala, dinani mpweya wonse utuluke. Masulani mabawuti a chopanira chapamwamba okha, chapansi chikhale chomanga. Ichi anthu ambiri amachiphonya: chopanira chapamwamba chimafinya paipi pamalo enieni pamene pali mano a chitsekero, ndiye chikakhala chomanga, chitsekero sichitembenuka, mungoperesa makona ake. Nthawi zina pamafunika kusuntha mahandulo kuti sipanala ilowe bwino. Gwiritsani soketi ya makona sikisi yokwana ndendende, chifukwa zitsekero zambiri ndi za aluminiyamu. Tembenuzani theka la mzungulo, mulekere pomwepo. Musachichotse.

Kenaka bawuti wapansi. Pa mafoloko ena ekiselo imadutsa pambali pa mwendo, moti bawutiyo mumamufika tayala lili pomwepo. Pa ena ekiselo imamuphimba, muyenera kuchotsa tayala kaye. Mulimonsemo, mumumasule sipuling'i ikadali mkati ndipo chitsekero chili m'malo mwake, pakuti sipuling'iyo ndi imene ikupanikiza damper rod kuti isazungulire limodzi ndi bawuti. Naye mungomuthyola mphamvu, osamuchotsa, apo ayi oyilo akusambitsani.

Mukatero kwezani kutsogolo. Ubwino wa matayala atatu ndi umenewu: awiri akumbuyo amaigwira yokha. Ikani miyala kumatayala akumbuyo, kireti kapena chitsa pansi pa injini, tayala lakutsogolo lilendewere. Chotsani caliper (chitsulo chosunga ma pad a buleki) muimangirire ku felemu ndi waya, isalendewere pa paipi yake ya mafuta a buleki. Chotsani tayala ndi madigadi. Musanamasule chopanira chapansi, yezani ndi lula kuti paipi yatulukira mamilimita angati pamwamba pa chopanira, mulembe. Kenaka masulani, dzanja lina litagwira mwendo, muutsitse mozungulitsa.

Paipi yakanirira m'zopanira, sikutsika.

Dzimbiri limakonda pakati pa zopanira ziwirizo. Lipaleni ndi sandipepa wosalala, thiranipo WD-40 kapena Q20. Chotsani bawuti wa chopanira, mulowetse sikuludiraiva yafulati pampata wake, muigogode pang'ono kuti mpatawo utseguke ngati tsitsi limodzi. Pang'ono pokha, chifukwa aluminiyamu sapirira kukanulidwa, amangothyoka. Musamenye pamwamba pa chitsekero ndi nyundo.

Chitsekero sichindivulaza pochichotsa?

Chingathe. Ndikuphunzira kumene ntchitoyi ndinachimasula ndi zala ziwiri, nkhope ili pamwamba pake. Chitafika pa dzino lomaliza chinauluka, chinandipala tsaya n'kukagunda malata a shedi, ndipo ndinachipeza mawa lake mu udzu. Kuyambira tsikulo ndimaimika foloko pansi, kuitambasula yonse, kukanikiza sipanala ndi chikhatho mwamphamvu, nkhope kumbali, n'kumatembenuza paipiyo m'malo motembenuza chitsekero. Chikamasuka mumamva chikukankha dzanja, mumachilola kukwera pang'onopang'ono.

Mafoloko ena alibe chitsekero cha mano. Ali ndi chotsekera chosalala chogwidwa ndi kawaya kozungulira m'kati mwa paipi. Chimenecho mumachikanikizira pansi, mnzanu n'kutokosola kawayako. Ndi ntchito ya anthu awiri, ndiponso imaphweka paipi ikadali m'chopanira.

Potulutsa sipuling'i yang'anani mbali imene mapindo ake ali othinana, kumwamba kapena kunsi, mujambule ndi foni. Ngati pali kapaipi kapena washer pamwamba pake, sungani mwa dongosolo lomwelo. Ine ndimayala katoni pansi n'kundandalika chilichonse monga chatulukira, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ndipo ndimamaliza mwendo umodzi ndisanakhudze winawo, kuti ndikasokonezeka ndikhale ndi poonera.

Tsanulirani oyilo m'chigubu chodula pakamwa, mupope paipi kangapo kuti yense atuluke. Konzekani fungo, limaposa la nsomba yoola. Akatuluka wotuwa ngati phala la simenti, ndi aluminiyamu wa mwendo amene wakhala akudyeka. Akatuluka woyera ngati mkaka, munalowa madzi. Musamutaye pafupi ndi chitsime kapena m'ngalande.

Bawuti wapansi akungozungulira osatuluka. Ndachimwa pati?

Ili ndiye funso limene limabwera kawirikawiri kuposa onse. Simunachimwe kwenikweni. Bawutiyo anamangidwa ndi mankhwala omatira mano, ndipo chimene wamangidwamo, damper rod, chilibe chochigwira koma kupanikizika basi. Akangomasuka pang'ono, zonse zimayamba kuzungulira limodzi.

Njira zilipo, kuyambira yofatsa. Bwezerani sipuling'i ndi chitsekero, mugoneke foloko, mnzanu aikanikize kuti ilowe pamene inu mukutembenuza. Muzitembenuza modzidzimutsa, osati mokoka pang'onopang'ono: kumenya sipanala ndi chikhatho kumathandiza kuposa kuikoka. Zikakanika, impact wrench, sipanala ya makina yoyendera mpweya kapena batire, imamutulutsa m'kamphindi, chifukwa imamenya mofulumira damper rod isanayambe kutsatira. Ngati mulibe, pitani ndi mwendowo kwa okonza matayala, sizitenga mphindi ziwiri.

Njira ya kumudzi ndi mpini wa tsache. Chotsani sipuling'i, songolani mpiniwo pang'ono kunsonga, muulowetse m'paipi mpaka ukalume pamutu pa damper rod. Tsamiritsani mbali inayo kukhoma kapena pansi, mutsamire ndi thupi lonse uku mukutembenuza bawuti. Imagwira ntchito kawirikawiri kuposa momwe mungaganizire. Tizidutswa ta mtengo totsalira mudzatitsuka. Ma damper rod ena ali ndi mutu wa makona mkati, woti nati yokwana bwino yowotcherera kunsonga kwa chitsulo chachitali imalowamo n'kuugwira. Unikani ndi tochi muone musanasongole mpini.

Nanga mutu wa bawutiyo ukaperezeka?

Nthawi zambiri umaperezeka chifukwa dzenje lake linali lodzaza matope, Allen key inangolowa theka. Tokosani dothi lonse ndi waya, mugogode Allen key ndi nyundo mpaka ifike pansi. Bawuti wa 8mm amafuna Allen key ya 6mm, wa 10mm amafuna ya 8mm. Ya mainchesi yooneka ngati ikukwana musaiyese, komanso ya mutu wobulungira ija si ya ntchito imeneyi. Kutenthetsa pansi pa mwendo kumafewetsa mankhwala omatira, koma oyilo akhale atatuluka kale.

Ukaperezeka ndithu, khomererani Torx (kiyi ya mutu wonga nyenyezi) yokulirapo pang'ono. Zikakanika apo, boolani mutuwo ndi drill yofanana kukula ndi thupi la bawuti, molunjika, mpaka mutu uduke. Damper rod imatuluka ndi chotsalacho, ndipo chotsalacho chimamasuka ndi pulayala popeza palibenso chochikoka. Samalani kuti drill isadye pamene pamakhala washer wa kopa, pakadyeka pamenepo foloko izidontha chapansi mpaka kalekale.

Bawuti watuluka, koma paipi sikusiyana ndi mwendo.

Yang'anani kaye circlip. Kwezani seal ya fumbi, pansi pake pali kawaya kapena circlip yokhala m'kangalande. Imakhala yobisika m'dzimbiri ndi matope moti anthu amalumbira kuti palibe. Ilipo. Palani mpaka muione, muichotse mosamala kuti chida chisaterereke n'kukanda chrome.

Ikachoka, pali mitundu iwiri. Pa mafoloko ena paipi imangosololoka, seal n'kutsala m'mwendo. Imeneyo mumaitukula ndi chitsulo chochotsera tayala, mutaika kathabwa kapena chidutswa cha tayala pamlomo pa mwendo kuti usaphwanyike, uku mukusinthasintha malo. Pa ena kunsi kwa paipi kuli bush imene singadutse pa bush yapamwamba. Pamenepo mangani mwendo pa vaisi, pogwira timakutu ta caliper kapena pamalo a ekiselo, mutakulunga malegeni kapena chisanza. Pakati pa mwendo musafinye, ndi paipi yopyapyala, ikaphwatalala foloko izigwira. Lowetsani paipi pang'ono, muikoke mwamphamvu mpaka igunde, mubwereze. Kugunda kulikonse kumakankha bush, washer ndi seal kukwera, ndipo pakati pa kasanu ndi kakhumi zonse zimatulukira limodzi. Pobweza paipi musaimenyetse pansi, mungaphwanye kachikho kaja. Seal ikauma ngati fupa, thirani madzi owira pamlomo pa mwendo. Aluminiyamu amafufuma msanga akatenthedwa, ndipo imamasuka.

Mukasiyanitsa, gwedezani mwendo chozondotsa kuti kachikho ka aluminiyamu kagwe. Kamakonda kumatirira pansi, munthu n'kuganiza kuti foloko yake inalibe. Damper rod ndi kasipuling'i kake zimatulukira kumwamba kwa paipi.

Ndiziyang'ana chiyani zonse zikakhala pa katoni?

Tsukani ndi parafini, muumitse, kenaka muyambe ndi paipi, chifukwa nthawi zambiri seal siifa yokha, imaphedwa. Yendetsani chikhadabo pamalo onse amene seal imadutsa. Paliponse pamene chikhadabo chakodwa, seal yatsopano idzang'ambika pomwepo. Timadontho ta dzimbiri timakhala ndi milomo yakuthwa yotukuka. Isalazeni ndi sandipepa wa 600 wonyowetsa ndi oyilo, mumalize ndi wa 1200, mozungulira paipi osati m'litali, popeza mikwingwirima ya m'litali ndi njira ya oyilo. Timaenje takuya ena amatitseka ndi guluu wa epoxy n'kusalaza. Zimagwira kwa kanthawi, ndipo pa njinga yoyendera pa famu ine sindinyoza. Chrome ikayamba kusupuka ngati khungu la njoka, mankhwala ake ndi kukaikitsa hard chrome yatsopano kapena kupeza paipi ina. Dzimbiri la kumtunda, kumene seal siifika, ndi nkhani ya maonekedwe chabe.

Kuti muone ngati yapindika, igubuduzeni pa galasi lochindikala mutaunika tochi kuseri. Yopindika imatsimphina ndipo kuwala kumaonekera pansi pake. Mabuku a Honda nthawi zambiri amalola kupindika kosapitirira 0.2mm poyeza pa ma V-block, zitsulo za mpata wa V zogonekapo paipi. Yopindika pang'ono amisiri a makina amaiwongola pa press. Koma ngati pali mkwinya, pamene chitsulo chinachita kupindika ngati bango, itayeni. Tayala lakutsogolo ndi limodzi, paipi ikathyoka mulibe chotsamira.

Ma bush ali ndi utoto wotuwa wa Teflon. Ngati mkuwa ukuonekera pa gawo lalikulu, asintheni. Masipuling'i awiri muwagoneke pamodzi: ngati ina yafupika, kapena zonse zafupika kuposa muyeso wa m'buku la njinga yanu, zatopa. Pomaliza, unikani timabowo ta damper rod, tisakhale totsekeka ndi phala lija.

Zipangizo zake zikupezekabe?

Ma seal ndiye osavuta. Makampani monga All Balls amagulitsa ma seal a ATC zambiri, ndiponso ma seal a foloko amayendera miyeso. Pa seal yakale pamakhala manambala atatu, mwachitsanzo 35x48x11: kukula kwa bowo lamkati, kukula kwa kunja, ndi kuchindikala, m'mamilimita. Manambala akafufutika yezani paipi ndi malo a seal ndi vernier, chida choyezera mamilimita molondola. Musadalire chaka cha njinga chokha. M'zaka zonsezi eni ake akhala akusinthanitsa mafoloko, ndipo si zachilendo kupeza njinga itavala foloko ya mtundu wina. Onetsetsani kuti ndi seal ya foloko. Ya injini ya miyeso yomweyo inapangidwira chitsulo chozungulira, osati cholowa n'kutuluka, siichedwa kudontha.

Mapaipi, ma damper rod ndi zitsekero ndiye zosowa. Zambiri Honda inasiya kupanga, zimapezeka zakale pa eBay ndi kwa anthu ophwasula njingazi ku America, ndipo mtengo wotumizira umaluma.

Seal yatsopano ndiilowetsa bwanji osaiwononga?

Bwezerani kaye zamkati: damper rod ndi kasipuling'i kake m'paipi, kachikho kunsonga kwake, zonse m'mwendo. Bawuti wapansi avale washer wa kopa watsopano ndi kadontho ka Loctite wabuluu, mankhwala omatira mano aja. Ngati washer watsopano palibe, wotchani wakaleyo mpaka afiire, akazizira amakhala wofewa n'kugwiranso. Kumanga komaliza mudzachite sipuling'i italowa, ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Wa 8mm safuna mphamvu zambiri, ndi cha m'ma 20 N·m.

Valikani kajumbo kopyapyala pamwamba pa paipi, mupake oyilo, kuti m'mphepete mwa paipi musadule mlomo wa seal. Bush ilowe, washer pamwamba pake, kenaka seal, mbali ya manambala kumwamba, mbali ya kasipuling'i kuyang'ana kwa oyilo. Chokhomera chabwino ndi paipi ya PVC yokwana kunja kwa paipi ya chrome, yodulidwa molunjika. Ena amaika seal yakale pamwamba pa yatsopano kuti ilandire nkhonya. Khomani mofanana mbali zonse mpaka kulira kusinthe ndipo kangalande ka circlip kaonekere konse. Sikuludiraiva ndi nyundo ayi. Circlip ikalowa, izungulitseni ndi chida kuti mutsimikize kuti yakhala m'ngalande mozungulira monse.

Oyilo wake ndi uti, ndipo wochuluka bwanji?

Mabuku ambiri a Honda a nthawi imeneyo ankalemba ATF, oyilo wofiira wa magiya a galimoto ya otomatiki, ndipo mpaka lero amagwira bwino ntchito. Fork oil wa 10W ndi amene ambiri amathira masiku ano. Munthu wolemera thupi kapena wothamanga m'mabampu angakonde 15W. Oyilo wa injini wotsala m'chigubu ayi, ndipo wakale wochokera mu injini ndiye musayerekeze n'komwe.

Kuchuluka kumasiyana ndi mtundu ndi chaka cha njinga, choncho tengani nambala m'buku la njinga yanuyo. Mabuku amapereka mamililita, ena amaperekanso msinkhu wa oyilo, ndipo msinkhuwo ndiwo wodalirika. Umayezedwa sipuling'i ili kunja, paipi italowa mpaka pansi, foloko itaima chilili, kuchokera pamlomo pa paipi kufika pa oyilo. Thirani, mupope pang'onopang'ono kakhumi kapena kuposa mpaka thovu lileke, mudikire mphindi zingapo. Tengani sirinji ndi kapaipi ka pulasitiki, muike chizindikiro pa muyeso wofunikawo, muyamwe wopitirira, kenaka mubwezere sipuling'i ndi chitsekero. Mpweya wotsala pamwamba pa oyilo nawo ndi sipuling'i. Oyilo akachuluka foloko imauma kumapeto ndipo ma seal amaphulika, akachepa imagunda pansi. Chachikulu n'chakuti miyendo iwiri ifanane.

Za valavu ya mpweya ija: malo a mpweya m'foloko ndi ochepa kwambiri, kompuresa ya pa filling station ingaphulitse seal yatsopano m'sekondi imodzi. Ambiri amaisiya yosapopa, n'kumangoidina nthawi ndi nthawi tayala lili m'mwamba kuti mpweya wodziunjikira utuluke.

Ndabwezera zonse, koma foloko ikugwiragwira ndipo mahandulo apotoka.

Mwamanga mabawuti mosatsata dongosolo, miyendo siili pamzere umodzi. Onani kaye kuti mapaipi onse atulukira mofanana pamwamba, pa muyeso munalemba uja. Mangani chopanira chapansi, mumange chitsekero, kenaka chopanira chapamwamba. Ekiselo iyenera kulowa ndi dzanja. Ngati ikufuna nyundo, paipi imodzi yakwera kuposa inzake kapena yapindika.

Mangani ekiselo, koma manati a kachitsulo kogwira ekiselo pa mwendo winawo muwasiye omasuka. Tsitsani njinga pansi, gwirani buleki yakutsogolo, mukanikize mahandulo kasanu kapena kasanu n'kamodzi kuti mwendowo upeze malo ake pa ekiselo, kenaka mumange. Pa Honda kachitsuloko kamakhala ndi chizindikiro cha UP, ndipo mumayamba kumanga manati apamwamba, apansi pambuyo. Mahandulo akakhalabe opotoka, masulani pang'ono zopanira zonse, mupane tayala pakati pa mawondo, muwongole, mumangenso.

Musanakwere, finyani buleki kangapo mpaka ilimbe, chifukwa ma pad anatalikirana pochotsa caliper. Ulendo woyamba ukhale wa pabwalo, pang'onopang'ono. Mukabwerako pukutani mapaipi, mukanikizenso kangapo. Kamzere kopyapyala ka oyilo tsiku loyamba ndi wotsalira pomanga uja. Kakabweranso mutapukuta kachitatu, bwererani ku paipi ndi chikhadabo chanu, pali pamene munadumpha.